Chitsulo chimadandaula chisanathyoke

Aliyense amene adakulira pafupi ndi chigayo amadziwa kuti chigayo chili ndi mawu akeake. Ndili mwana, mayi akandituma kukagayitsa mphale, ndinkadziwira ndili kutsidya kwa dambo ngati chigayo chikuyenda kapena ayi. Koma bambo amene ankachiyendetsa ankamva zambiri kuposa ife tonse. Tsiku lina, chimanga chili m'kati mogayika, adangolumpha n'kukachizimitsa. Amayi amene adali pamzere ndi ndowa zawo adayamba kung'ung'udza, poti dzuwa lidali litapendeka ndipo ana kunyumba adali asanadye. Bambowo sadayankhe munthu. Adamasula chitseko cha chigayo, adapisa dzanja, n'kutulutsa nyundo imodzi itang'aluka pafupi ndi bowo lake. Palibe mmodzi wa ife adamva kusintha kulikonse. Iwo adangoti, "Chinayamba kulira mawu achilendo."

Patapita zaka zambiri ndidakumana nawo pamsika, atakalamba. Kuti amve moni wanga, ndidachita kukuwa pafupi ndi khutu lawo. Khutu limene lidapulumutsa chigayo, chigayo chomwecho chidalimaliza.

Bambo amenewa ndimawakumbukira nthawi zonse ndikamawerenga za ntchito ina ya mainjiniya imene anthu ambiri saiona: kuyeza phokoso ndi kunjenjemera kwa makina, milatho ndi nyumba. Luso lake silachilendo kwa ife. Makaniko wodziwa ntchito amakhudzitsa nsonga ya sikuludiraiva painjini, chigwiriro n'kuchiika kukhutu, ndipo amakuuzani kuti vuto lili pa bering'i iti. Kunjanji, kuyambira kalekale, padali anthu amene ntchito yawo idali kugogoda mawilo a sitima ndi kanyundo: wilo lathunthu limalira bwino ngati belu, long'aluka limangoti phu. Zimene sayansi idawonjezera n'zakuti idapanga khutu losatopa, losagontha, ndiponso lotha kulemba zimene lamva m'manambala, kuti munthu wina akazione mawa kapena chaka chamawa.

Khutu lachitsulo

Kachipangizo kamene kamagwira ntchito imeneyi amakatcha accelerometer. Ena ndi aang'ono ngati chala chachikulu chakumanja, ndipo amawamangirira pamakina ndi bauti, guluu kapena maginito. Chinsinsi chake chidatulukira m'chaka cha 1880, pamene abale awiri a ku France, Jacques ndi Pierre Curie, adapeza kuti miyala ina, monga quartz, imatulutsa timagetsi ikapanikizidwa. M'kati mwa kachipangizoka muli kachitsulo kolemera kamene kakhala pamwamba pa kamwala kotere. Makina akanjenjemera, kachitsulo kaja kamapanikiza ndi kusiya, kupanikiza ndi kusiya, ndipo timagetsi totuluka timatsatira kunjenjemerako ndendende. Foni yanu yam'manja nayo ili ndi mtundu wina wa kachipangizo koyeza kugwedezeka. Ndiko kamachititsa kuti chithunzi chitembenuke mukaipendeketsa.

Koma kumva kokha sikukwanira. Makina akamayenda, zonse zimalira pamodzi: mota, lamba, magiya, mabering'i, ngakhale malata a padenga. Mukajambula zimene kachipangizo kamva, mumangoona mzere wokhotakhota wopanda mutu. Apa mpamene masamu amalowerapo.

Taganizani za bwalo la gule. Mlendo amangomva chiphokoso chimodzi cha ng'oma. Mkulu wa pamudzi, amene wakhala akumva ng'omazo moyo wake wonse, amasiyanitsa mpanje ndi mbalule, ndipo imodzi ikaphonya amadziwa kuti ndi dzanja la yani lalakwitsa. Katswiri wa masamu wa ku France, Joseph Fourier, adaonetsa m'buku lake la mu 1822 kuti mzere wokhotakhota ungathe kugawidwa kukhala mafunde osavuta, lililonse ndi liwiro lake ndi mphamvu yake. Kuwerengera kwake kudali kotopetsa kwambiri mpaka mu 1965, pamene James Cooley ndi John Tukey adafalitsa njira yachidule yochitira masamuwo pa kompyuta. Lero kachipangizo kogwira m'manja kamachita zimenezi munthu asanaphethire.

Liwiro la kunjenjemera amaliwerenga mu hertz, kutanthauza kuti kangati pa sekondi imodzi. Tinene kuti shafiti ikuzungulira maulendo 1,500 pa mphindi; ndiye kuti pa sekondi ikuzungulira maulendo 25. Injiniya akaona kuti kunjenjemera kwakula pa 25 hertz, amaganiza kuti mbali imodzi yalemera kuposa inzake, monga zimachitikira nyundo imodzi ya chigayo ikadyeka kapena ikathyoka. Kukakula pa 50, kawirikawiri ndiye kuti mota ndi makina amene ikuzunguza sizidalunjikane bwino. Giya ya mano 20 pashafiti yomweyo imalira pa 500, ndipo dzino limodzi likayamba kubenthuka, pambali pa nambalayo pamamera timizere tina. Bering'i ikangoyamba kudyeka, imatulutsa timawu tosongoka kwambiri, timene timaonekera pachipangizo milungu kapena miyezi isanayambe kutentha ndi kulira moti munthu n'kumva. Kunja makinawo amaoneka abwinobwino, penti ikuwala. Ndi chikomekome cha mkuyu.

Mlatho umene udavina

Pa 10 June 2000, mumzinda wa London adatsegula mlatho watsopano wa anthu oyenda pansi pamtsinje wa Thames, wolumikiza dera la tchalitchi cha St Paul's ndi nyumba ya zaluso ya Tate Modern. Mlathowu, wotchedwa Millennium Bridge, ndi wautali mamita 325, ndipo udadya ndalama zopitirira mapaundi 18 miliyoni. Adaujambula ndi akatswiri otchuka: kampani ya mainjiniya ya Arup, ya omanga ya Norman Foster, ndi mmisiri wa ziboliboli Anthony Caro. Tsiku loyambalo padadutsa anthu pafupifupi 90,000, ndipo nthawi zina pamlathopo pankakhala anthu 2,000 nthawi imodzi.

Mlatho udayamba kupendama uku ndi uku. Pakati pake unkasuntha mpaka mamilimita 70, ndipo anthu ankayenda atatangadza miyendo, ena atagwira zitsulo za m'mbali. Patangopita masiku awiri, pa 12 June, adautseka.

Chimene chimandichititsa chidwi pankhaniyi ndi zimene mainjiniyawo adachita manyazi atawagwira. Sadangokhutira ndi kunena kuti anthu adachuluka mopitirira muyeso, ngakhale kuti chifukwa chimenechi chidali pafupi. Adapita kukayeza.

Chinthu chilichonse chili ndi liwiro limene chimakonda kugwedezekera. Katungwe ndiye chitsanzo chapafupi: mukamukankha mwana nthawi yoyenera, ngakhale ndi chala chimodzi, amapita m'mwamba, mukamukankha nthawi yolakwika, katungwe amaima. Munthu akamayenda amaponda pafupifupi kawiri pa sekondi, ndipo popeza amasinthanitsa mwendo wamanja ndi wamanzere, thupi lake limakankhira cham'mbali pafupifupi kamodzi pa sekondi. Zigawo za mlathowu zinkakonda kugwedezekera cham'mbali pa liwiro loyandikira pomwepo, pakati pa theka la hertz ndi hertz imodzi. Mlatho ukasuntha pang'ono, anthu ankasintha kapondedwe kuti asagwe, ndipo kusinthako n'kumene kunkaukankha kwambiri. Ankayendetsa katungwe osadziwa.

Kuti atsimikize, mainjiniya adayesa anthu pa nsanja zogwedezeka ku Imperial College ndi ku yunivesite ya Southampton. Kenaka, mu December 2000, adamangirira zipangizo zoyezera pamlatho weniweniwo n'kumalowetsa anthu m'magulumagulu, akuyang'ana manambala. Pachigawo cha kumpoto, anthu 156 akuyenda, mlatho udali phee. Atawonjezera khumi okha, kufika 166, kugwedezeka kudakwera mwadzidzidzi mpaka adalamula kuti anthu aime. Diso silikadaona malire amenewa. Aliyense akadaganiza kuti anthu akamachuluka, kugwedezeka kumakula pang'onopang'ono. Zipangizo zidaonetsa kuti pali nambala imene ukangoidutsa, zinthu zimasintha nthawi yomweyo.

Mankhwala ake adali kuikamo zida zomeza kugwedezeka: 37 za mtundu wofanana ndi mashokabu a galimoto, ndi 52 zokhala ndi zitsulo zolemera zolendewera pa masipuling'i. Ntchitoyo idadya mapaundi 5 miliyoni. Mu January 2002 adayendetsapo anthu pafupifupi 2,000 zipangizo zili tcheru, ndipo pa 22 February 2002 adautsegulanso. Arup idafalitsa zimene idapeza kuti mainjiniya ena aphunzirepo, ndipo malamulo omangira milatho ya anthu oyenda pansi adasintha. Padalibe amene adafa kapena kuthyoka mwendo.

Manambala adalipo, owamvera padalibe

Nkhani yachiwiri ndi yowawa, ndipo imatikhudza ife amene magetsi athu amachokera m'madzi.

Pamtsinje wa Yenisei ku Siberia, m'dziko la Russia, pali damu la Sayano-Shushenskaya, malo aakulu koposa opangira magetsi m'dzikolo. Lili ndi makina khumi ozungulira ndi madzi, alionse otulutsa mamegawati 640. Makina achiwiri adali ovuta kuyambira kale, ndipo adawakonza kumayambiriro kwa chaka cha 2009. Chaka chomwecho adawaikira zipangizo zoyeza kunjenjemera usana ndi usiku. Kuyambira April mpaka August, manambala adakwera pafupifupi kanayi.

Makina a mtundu umenewu ali ndi malire ena a mphamvu amene madzi amawinduka m'kati mwake n'kugwedeza chilichonse, ndipo sayenera kukhalitsa m'malire amenewo. Usiku wa pa 16 August, moto udabuka kumalo ena opangira magetsi a Bratsk, ndipo ntchito yokweza ndi kutsitsa mphamvu malinga ndi kufunika kwa magetsi idagwera Sayano-Shushenskaya. Makina achiwiri, odwala kale aja, adadutsa m'malire oopsawo mobwerezabwereza. Mmawa wa pa 17 August 2009, nthawi ili 8:13, mabauti ogwira chivundikiro chake adaduka. Madzi adakankhira m'mwamba chimakina cholemera matani mazanamazana, n'kudzaza chinyumba chonse. Anthu 75 adafa. Makina asanu ndi anayi mwa khumi adawonongeka, ndipo ntchito yokonzanso idatha mu 2014.

Bungwe la boma loona za chitetezo cha m'mafakitale, Rostekhnadzor, lidatulutsa lipoti lake mu October chaka chomwecho. Chivundikiro chija chinkagwiridwa ndi mabauti 80. Mwa 49 amene adawapeza n'kuwaunika, 41 adali ndi ming'alu ya kutopa kwa chitsulo, ndipo 6 adalibe manati n'komwe. Kutopa kwa chitsulo aliyense amakudziwa: waya umene simungaudule pokoka umaduka mukamaupinda uku ndi uku. Kunjenjemera kumapinda bauti pang'ono kwambiri, koma maulendo mamiliyoni.

Tamvani manambala ake. Muyeso wololedwa wa kunjenjemera pa bering'i ya makinawo udali mamilimita 0.16. Mphindi zomaliza udafika pa 0.84. Sikudakwane ngakhale milimita imodzi, koma kudali kopitirira kasanu muyeso wololedwa. Ndipo lipotilo lidanena kuti zipangizo zoyezera zija, ngakhale zinkalemba manambala, zidali zisanavomerezedwe kuti ziyambe ntchito mwalamulo, choncho oyendetsa makina ndi akuluakulu awo sankazigwiritsa ntchito posankha zochita.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Ku London, mainjiniya adakhulupirira zimene zipangizo zidawauza ngakhale zidawachititsa manyazi pamaso pa dziko. Ku Siberia, chipangizo chidatsina khutu kwa miyezi inayi, ndipo akuluakulu athu amati wakutsina khutu ndi mnansi. Kugula chipangizo n'kosavuta. Chovuta n'chakuti pakhale munthu wodziwa kuwerenga zimene chalemba, ndiponso wopatsidwa mphamvu zozimitsa makina popanda kuopa kuti achotsedwa ntchito chifukwa magetsi athima. Bambo wa chigayo uja adalibe chipangizo chilichonse, koma mphamvu imeneyo adali nayo, ndipo adalolera kuti amayi a pamzere amunene.

Magetsi ambiri a ku Malawi amachokera pamtsinje wa Shire, ku Nkula, kumene makina oyamba adayamba ntchito mu 1966, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Abale athu a ku Zambia ndi ku Zimbabwe amadalira Kariba, a ku Mozambique Cahora Bassa. Madzi a Shire amabwera ndi mchenga ndi zinyalala chifukwa cha kutha kwa mitengo kumtunda, ndipo mchenga umadya chitsulo. Chitsulo chikadyeka mbali imodzi, makina amayamba kugwedera. Magetsi akathima chifukwa mainjiniya azimitsa makina kuti awaunike, timadandaula, ndipo nanenso ndimadandaula. Koma kuthima kwa maola angapo kokonzekera sikungafanane ndi zaka zisanu zimene anthu a ku Siberia adadikira.

Khutu la munthu

Tsopano tibwerere kwa bambo uja ndi kugontha kwake, pakuti mbali imeneyi ndi imene timainyalanyaza kwambiri.

Phokoso amaliyeza ndi chipangizo chokhala ndi maikolofoni, ndipo muyeso wake ndi decibel, dzina lochokera kwa Alexander Graham Bell. Muyeso umenewu umasokoneza anthu chifukwa sukwera ngati makilogalamu. Mukawonjezera madecibel atatu okha, mphamvu ya phokoso imawirikiza kawiri. Mukawonjezera khumi, imawirikiza kakhumi. Anthu awiri akamacheza bwinobwino amakhala pa 60 kapena chapomwepo. Bungwe la ku America lofufuza za umoyo wa anthu apantchito, NIOSH, limalangiza kuti munthu asapitirire maola 8 paphokoso la madecibel 85. Pa 88, maola 4. Pa 91, maola 2. Pa 100, mphindi 15 zokha. Munthu akamva kuti 100 amaganiza kuti yangoposa 85 pang'ono, chikhalirecho ntchito ya tsiku lonse yasanduka ya mphindi zochepa.

M'kati mwa khutu muli tinthu tonga tsitsi timene timasandutsa mawu kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lalikulu limatiwononga, ndipo mwa munthu sitimeranso. Khutu lathanzi la mwana limamva kuyambira pa 20 mpaka 20,000 hertz, koma phokoso la pantchito limayamba kudya chapafupi ndi 4,000, kumene kuli timawu tosongoka ngati s ndi f. N'chifukwa chake munthu wotere amati, "Ndikumva kuti mukulankhula, koma sindikumva zimene mukunena." Sipatuluka magazi, sipatupa, ndipo palibe tsiku limene munthu angaloze kuti ndi limene adavulala. Amangozindikira kuti kutchalitchi akukhala kutsogolo, kuti wailesi akuikweza mpaka ana akudandaula, kuti usiku m'makutu mukulira nkhululu.

Pali njira yoyezera imene sifuna ndalama. Ngati muyenera kukuwa kuti munthu amene ali pafupi nanu, mtunda wa mkono umodzi, akumveni, phokosolo mwina lafika kale pa 85. Lowani m'chigayo chilichonse, m'malo owotcherera zitsulo pamene galayinda ikudula, pa makina ochekera matabwa, kapena imani pafupi ndi zimkuzamawu za paukwati, muyese. Mapulogalamu a pafoni oyeza phokoso alipo. Sangafanane ndi chipangizo chenicheni, koma amatha kukuuzani ngati muli pa 70 kapena pa 95, ndipo kusiyana kumeneko n'kwakukulu.

Kunjenjemera nakonso kumavulaza thupi. Anthu ogwira galayinda, makina obowola miyala kapena macheka a injini kwa zaka zambiri amayamba kumva dzanzi m'zala, zala zimayera kukazizira, ndipo mphamvu ya m'manja imatha. Abale athu ambiri amene adagwira ntchito kumigodi ya ku Joni ndi ku Copperbelt adabwerako ndi makutu ogontha, ndipo kumudzi tinkangoti ndi ukalamba.

Mainjiniya amaphunzitsidwa kuti zotsekera m'makutu ndi chida chomalizira. Choyamba ndi kuchepetsa phokoso pamene likuchokera, ndipo apa mbali ziwiri za nkhani yathu zimakumana. Chigayo chimene nyundo zake n'zolemera mofanana, chomangidwa bwino pa maziko a simenti okhala ndi labala pansi, chokhala ndi lamba wokungika moyenera ndi mabering'i opakidwa girisi, chimalira pang'ono, chimadya magetsi ochepa ndipo chimakhalitsa. Chimene chikugwedeza nyumba yonse chikudya ndalama za mwini wake ndi makutu a mnyamata wake nthawi imodzi.

Ku MUBAS mumzinda wa Blantyre ndi ku MUST m'boma la Thyolo kuli achinyamata amene akuphunzira uinjiniya, ndipo chaka chilichonse amafuna mitu ya kafukufuku. Ndikadakonda ena mwa iwo atatenga zoyezera phokoso ndi kunjenjemera n'kuyendera zigayo za ku Ndirande, ku Kawale, ku Chibavi ndi za m'midzi, kuti tikhale ndi manambala athuathu m'malo mongobwereka a kunja. Zipangizo zake zatsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi kale.

Koma inu amene muli ndi chigayo, galaja kapena malo ochekera matabwa, musadikire ophunzirawo. Mawa mmawa, makina akuyenda, imani pafupi ndi mnyamata wanu mumupatse moni ndi mawu a masiku onse. Akapanda kukumvani, mugulireni zotsekera m'makutu sabata yomweyi, muzimupumitsa panja pakapita maola angapo, ndipo muitane makaniko adzaone chimene chikugwedeza makinawo. Ndipo tsiku limene adzakuuzeni kuti chigayo chayamba kulira mawu achilendo, muloleni achizimitse.